Foni Yodula Malonje

Pa tsiku lenileni limene a Levison Kamphinda, ogulitsa maloko ndi misomali mumsewu wa Malangalanga ku Old Town, anayenera kupereka yankho la chinkhoswe cha Eveless, mwana wa mlongo wawo, foni ya patebulo ya m'sitolo mwawo inayamba matama. Kampani ya mafoni inatumiza Zakia, mayi wokonza malayini oyendera intaneti, munthu woti ukamuuza kuti "dikirani pang'ono" amakufunsa kuti pang'onopo pakuthera pati.

"Mwati foni yatani, bambo?" anafunsa Zakia akutsitsa chikwama pa kauntala.

"Yandichititsa manyazi."

"Manyazi sitikonza. Ikulira?"

"Ikulira."

"Mukaimba ikulowa?"

"Ikulowa."

"Akuyankha?"

"Akuyankha, mwaulemu wake."

"Ndiye ili bwino," anatero Zakia, n'kunyamulanso chikwama chake.

"Aaa! Khalani pansi, mayi! Mwabwera kudzaona nkhope yanga? Foni iyi ikumandidula pakati pa malonje. Ndikangoyamba kutenthetsa pakamwa, iyo thii, yaduka."

Zakia anakhala pa chitini cha penti. "Kuofesi andiuza kuti foni siikulumikiza. Iyi ikulumikiza, kenako ikuduka. Amenewo ndi matenda awiri osiyana."

"Munthu akapita kuchipatala akudandaula mutu, n'kupezeka kuti ndi malungo, adokotala amamubweza?"

"Sindinagwirepo kuchipatala, bambo."

A Kamphinda anayang'ana kudenga, kumene kunali mahosipaipi ndi akangaude okha, osati thandizo. Anapuma mozama n'kuyambiranso.

"Tamverani bwino. Amalume ake a mnyamata amene akufuna Eveless, a Maynard Chikhutu, amagwira ntchito ku Joni, ku Durban. Anatumiza mawu kuti tiwayankhe lero asanaweruke, chifukwa bwana wawo akutseka lero zopempha tchuthi cha Disembala. Akapanda kumva lero, sabwera. Akapanda kubwera, chinkhoswe palibe mpaka chaka cha mawa. Ndipo mlongo wanga Bernadetta walumbira kuti zikatero ndisadzapondenso pakhomo pake, ngakhale pa maliro."

"Maliro a ndani?"

"Anga omwe, kaya! Mafunso anji amenewa?"

"Yankho lanulo ndi lalitali?"

"Lalifupi. Tavomera, abwere Loweruka loyamba la Disembala. Basi."

"Mawu amenewo akhoza kukwana bwinobwino foni isanaduke."

"Akhoza kukwana mukawamwaza ngati chimanga cha nkhuku. Koma munthu wamkulu safikira pa nkhani. Umayamba waodira, wapereka moni, wafunsa thupi, wafunsa kunyumba, ana, mvula. Iyenso akufunse zako. Mukatha apo ndiye umati, 'chimene ndaimbira.' Kwanu simutero?"

"Timatero. Koma layini yathu siiduka."

Zakia anapisa m'thumba n'kutulutsa foni yake ya m'manja. "Imbirani pa iyi. Kapena ndilembe uthenga, ufika pompano."

A Kamphinda anabisa manja kumbuyo. "Nkhani ya ukwati pa foni ya m'thumba? Foni yogona limodzi ndi makiyi ndi makoko a mtedza? Foni imene anthu amalowa nayo kuchimbudzi?"

"Yangayi sindilowa nayo."

"Ena amalowa nayo. Mtundu wake ndi umodzi."

"Inuyo mulibe ya m'manja?"

"Ndili nayo, yoitanitsira simenti. Kodi Eveless ndi simenti? Nkhani ya mbumba imakambidwa utakhala pansi, utavala jekete, pa foni yokhala ndi kwawo."

"Chabwino. Ndiyambe ndathimitsa kabokosi ka intaneti aka, kamene foniyi imadzeramo, ndikayatsenso."

"Ndathimitsa kale. Ndakauzira mpweya. Ndakapukuta ndi mpango. Ndakamenyako pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Mmene umamenyera mwana wa eni."

Zakia anakathimitsabe, poti ndi mmene anamuphunzitsira. Anagwedeza zingwe zonse, anadikira timagetsi tobiriwira tiyambenso kuphethira, analumikiza laputopu yake, kenako anaimbira mnzake wa kuofesi ku City Centre. Anakambirana za mvula, za minibasi, za mtengo wa tomato, foni osaduka. A Kamphinda ankangoguguda kauntala ndi chala.

"Mwaona?" anatero Zakia atabwezera foni. "Za m'dziko muno sizikuduka. Zikuduka ndi za kunja zokha. Kuti ndione pamene ikudukira, muyenera kuimba kunja ine ndikuyang'ana pa laputopu. Muli ndi nambala ina ya kunja?"

"Ndili ndi ndani kunja? Mukundiona ngati kazembe wa ku Area 10?"

"Ndiye imbirani a Chikhutu omwewo."

"Mayi inu, ndawaimbira kale kawiri m'mawawu. Kawiri konse munthu ndamusiya m'malere ali kukamwa yasa. Ndikamuyeserenso mankhwala anu?"

"Popanda kuimba sindingaone vuto."

A Kamphinda anang'ung'udza, koma anatsitsa jekete lawo lakuda pa msomali, analivala, anamanga mabatani onse, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Anadina manambala amodziamodzi, akuwatchula chapansipansi. Itayankhidwa anawerama pang'ono, ngati kuti ku Durban akuwaona.

"Odi, odi kumeneko! Eee, ndine ndemwe, Kamphinda. Choyamba ndipepese, bambo, pa zija zachitika m'mawa zija. Si khalidwe langa, si khalidwe la kwathu. Ife akwa Kamphinda chibadwire sitinadulepo munthu mawu. Malemu bambo anga, a Gideoni, amene anali mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri ku Nathenje, ankatiuza kuti... Halo? Halo! A Chikhutu?"

"Yaduka," anatero Zakia, maso ali pa laputopu.

"Ndamva ndi khutu langali!"

"M'mawa munafika pati?"

"Koyamba ndinafika pa mvula. Kachiwiri ndinalekezera pa ana."

"Pano simunafike ngakhale pa 'mwaswera bwanji'. Mukubwerera m'mbuyo, bambo."

"Nanga ndisapepese? Ukamudula munthu umapepesa. Ukamudula kawiri umapepesa mowirikiza."

"Ndiye pano mupepesa katatu?"

"Mwayamba kumvetsa."

"Ayi, ndikuona kuti mukamaimba kwambiri ndi pamene mukutalikira nkhani. Bwanji mukaimbanso muyambire pamene mwalekezera? Pa malemu bambo anu."

"Moni sasokerera ngati thumba long'ambika. Ukatuluka m'nyumba ya munthu n'kubwereranso, umaodiranso."

"Simunatuluke. Mwakhala pampando womwewo."

"Mawu anga anatuluka!"

Zakia anaganizira mfundo imeneyi mofatsa, n'kuivomera ndi mutu. Kenako anatembenuza laputopu kuti a Kamphinda aone mizere ya timalemba imene kwa iwo inali nyerere chabe.

"Vuto ndaliona. A ku Durban akanyamula foni, makina a kumeneko amatumiza mawu kuno, kuti 'tayankha, mwatimva?' Kabokosi kanu kamayenera kuvomera kuti 'takumvani.' Sikakuvomera. Makina aja amafunsa, amafunsanso, akaona kuti kuli zii amaganiza kuti kuno kulibe munthu, n'kudula."

A Kamphinda anatembenuka pang'onopang'ono n'kukayang'ana kabokosiko, kali phee pashelefu pakati pa maloko.

"Mukutanthauza kuti akukapatsa moni, iko osayankha?"

"Tinganene choncho."

"Ha! Ndiye makina a ku Durban akulakwa chiyani? Inenso ndikhoza kudula! Chinthu chopanda mwambo m'sitolo mwanga muno, chikudya magetsi anga! Anakalera ndani kameneka?"

"Sikanaleredwe, bambo. Kanapangidwa kufakitale."

"N'chifukwa chake. Kakonzeni."

"Pali malo angapo m'kati mwake amene angakhale olakwika. Ndisintha amodzi, muimbe. Ikaduka ndisintha ena, muimbenso."

"Sinthani onse nthawi imodzi!"

"Ndikatero sindidziwa chimene chakonza."

"Ine ndikufuna kudziwa chimene chakonza? Ndikufuna chinkhoswe!"

"Ine andituma layini."

"Mayi, ndionetsetse anathetsa nkhosa."

"Za ndani?"

"Sinthani, sinthani, ndisanachimwe."

Zakia anadinadina pa laputopu. Munthu wina anasuzumira pakhomo kufunsa misomali ya malata, a Kamphinda anamuuza kuti misomali yapita kumaliro, abwere mawa.

"Ndasintha," anatero Zakia. "Ulendo uno ndikuthandizani. Ndaona pa laputopu kuti imaduka ikatha nthawi yofanana, ndiye ikatsala pang'ono kuduka ndikweza dzanja. Mukaona dzanja, siyani zonse, nenani nkhani."

"Mundikwezere dzanja ngati wapolisi wa pamsewu?"

"Wapolisi amaimitsa. Ine ndikuti mufulumire."

A Kamphinda anakonza kolala, anadinanso manambala.

"Odi kumeneko! Ndine ndemwe, bambo. Pepani, pepani, pepani, katatu konse. Kaya mwaswera bwanji? Eee, ifenso taswera, kaya amayi kunyumbako? Mwati bwanji? Mwendo? Ayi! Watupa?"

Dzanja la Zakia linakwera.

"Pepani kwambiri, bambo, pepani. Unayamba liti? Iii, kalekale ndithu. Kuchipatala anapitako?"

Zakia anakweza lachiwiri. A Kamphinda anamukupiza ndi chipewa ngati akuingitsa ntchentche.

"Nanga anati n'chiyani adokotala? Eee... eee... anati chi... Halo? Mayo ine!"

Anatsitsa foni ndi manja awiri, n'kuiyang'ana mwachisoni.

"Ndinakweza," anatero Zakia. "Onse awiri."

"Munthu akundiuza za mwendo wa mkazi wake, mawu ali njenjenje, ine ndimulumphe ndikanene za Loweruka? Ndine nyama? Ndiye onani tsopano, ndamudula ali pakati pa adokotala!"

"Mwendo uti?"

"Zikukukhudzani?"

"Ndimati mukaimbanso musafunse zimene anena kale, titayepo nthawi."

"Ndifunsa zonse! Matenda safunsa mwachidule. Tsopano pakhala kuodira, kupepesa kanayi, moni, kupepesa za mwendo, kumva zonse za adokotala, ana, mvula, kenako nkhani."

"Sizikwana, bambo."

"Ndiye ikonzeni ikwane!"

"Ndikusintha malo achiwiri. Koma pali njira ina. Malonjewo musachotsepo kalikonse, mungowanena mothamanga. Munayamba mwapitako ku okushoni ya fodya ku Kanengo?"

"Ndinalimapo fodya ine, inu musanabadwe."

"Mmene amalankhulira wogulitsa uja."

Apa a Kamphinda anaisinkhasinkha nkhaniyi. Nzeru imeneyi sinkaphwanya mwambo uliwonse umene ankaudziwa, ndipo anaufufuza mwambowo m'mutu mwawo mpaka kumakona. Anamwa madzi, anapukuta milomo, anakoka mpweya wodzaza chifuwa, n'kudina.

"Odi-odi-ndine-Kamphinda-pepani-pepani-pepani-pepani-mwaswera-bwanji-ife-taswera-pepani-za-mwendo-Mulungu-awakhudze-ana-ali-bwanji-athu-ali-bwino-mvula-kuno-sinayambe-kaya-kumeneko... Mwati? Ayi, bambo! Ayi! Sindinalawe kalikonse! Ine sindimwa, funsani aliyense mu Malangalanga muno! Ndinasiya chaka chimene... Halo?"

Anagwedeza foni, n'kuibwezera kukhutu.

"Yaduka," anatero Zakia.

"Akuti ndaledzera."

"Mwaledzera?"

"Mayi!"

"Ndimangofuna kutsimikiza. Malo achiwiri si amenewo. Koma ulendo uno mwafika pa mvula, mwayenda bwino."

"Ndayenda bwino? M'mawa ndinali munthu wamwano. Masana ndinali munthu wosamva chisoni. Pano ndine chidakwa! Akuchimuna akhala pansi usiku uno n'kumati, mtsikanayo ndi wabwino, koma mwawamva amalume ake? Zonsezi nzeru zanu!"

"Ndipatseni ndiwalankhule ine. Ndiwauza kuti layini ili ndi vuto."

"Inu? Akakufunsani kuti ndinu ndani pabanjapa?"

"Ndinena kuti ndine wa kampani."

"Ukwati wa Eveless ulowe kampani? Kapena angomva mawu a mkazi wachilendo pa foni ya chidakwa, masana ano? Mukufuna kundimaliza?"

"Nanga iwowo bwanji osakuimbirani? Foni yochokera kunja mwina siingaduke."

"Iwo anafunsira. Oyankha ndife. Wofunsira mbeta sathamangira yankho, angaoneke wanjala."

"Ndiye inu simungafulumire, iwo sangaimbe, ine sindingalankhule, ya m'manja ndi yachimbudzi."

"Mwaona kuphweka kwake? Chatsala n'chakuti inu mugwire ntchito yanu."

Kumzikiti waukulu anaitanira mapemphero a chakumadzulo. Zakia anasuzumira panja, pamene mthunzi wa sitolo unali utawoloka kale ngalande, n'kubwerera pa laputopu. Anasintha malo achitatu. A Kamphinda anaimba, ndipo foni yonseyo inathera pa kulumbira kuti pakamwa pawo sipanadutse dontho, mpaka anauzira mpweya polankhulira kuti a Chikhutu anunkhize okha. Inaduka ali pakati pouzira.

"Fungo silidutsa pa layini, bambo."

"Bwanji osandiuza?"

"Simunafunse."

M'thumba la thalauza la a Kamphinda munalira foni ya simenti ija. Anaitulutsa, anaona dzina, n'kuisiya ikulira mpaka inatopa yokha. Nkhope yawo inagwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo analankhula motsitsa.

"Ndi Eveless. Akufuna kumva ngati zatheka."

"Bwanji osayankha?"

"Ndimuuze chiyani? Mwana ameneyu bambo ake anamwalira ali wakhanda. Ndamulera ndine, pa kauntala pompano, akuwerengera homuweki pa katoni ya maloko. Chikulire sanandipemphepo kanthu, ngakhale nsapato. Wandipempha ichi chokha, kuti amalume, mukandilankhulire bwino. Bwino, mayi. Ndiye ine ndikamulankhulire ngati ndikuitanitsa njerwa? Mtima ukundipweteka, ndisakunamizeni."

Zakia anasiya kudina. Anawayang'ana nthawi yaitali, ndipo zinkaoneka kuti naye zamukhudza.

"Anati mumulankhulire bwino, kapena motalika?"

"N'chimodzimodzi!"

"Sindikuganiza choncho."

"Inu musaganize. Sinthani."

Anasintha malo achinayi. A Kamphinda anapukuta thukuta, anadina manambala amene tsopano chala chinkawadziwa chokha.

"Odi ku..." Analekera pomwepo. Ulendo uno wolankhula anali wa ku Durban, ndipo a Kamphinda ankangoti, "Eee... ayi, bambo... eee... ndamva... koma... eee," akufupikirafupikira pampando. Kenako foni inaduka.

"Ati bwanji?"

"Sanandipatse n'komwe moni," anatero a Kamphinda ndi mawu a munthu amene waona malodza. "Akuti bwana wawo wawadzudzula chifukwa chotulukatuluka kukayankha foni. Akuti ngati akuchikazi sakufuna, anene poyera, osati kusewera ndi munthu wamkulu tsiku lonse. Akuti akukasamba m'manja, aweruke. Ayankha kamodzi kokha, komaliza."

"Ndiye kwatsala kamodzi."

"Ndamva, sindine gonthi!"

"Malonso atsala amodzi. Ndikusintha. Mwina..."

"Mwina, mwina! Tsiku lonse mwina! Foni iyi siikonzeka lero, ndaiona."

A Kamphinda anaimirira. Anayenda mpaka pa mawilibala, anabwerera. Anayendanso, anabwerera. Kenako anaima, maso akuwala ngati a munthu amene watola chikwama pamsewu.

"Mayi, foni iyi imaduka nthawi zonse, eti?"

"Mpaka pano, inde."

"Ndiye tamverani. Ndinena nkhani yokhayokha, yosavala, ngati mmene mumafunira inu anthu a masiku ano. Ndikangotha, iyo iduka yokha. Sindimva yankho lawo, sindimva manyazi anga. Mawa ndidzawauza kuti malonje onse ndinapereka, mwadongosolo lake, koma layini inameza, inangolavula nkhani yokha."

"Limenelo ndi bodza."

"Ndi bodza la ukwati. Limakhululukidwa."

"Layini siimeza mawu oyamba n'kusiya omaliza."

"A Chikhutu akudziwa zimenezo? Anaphunzira kusukulu kwanu?"

Anamasula mabatani, anavula jekete, analipachika pa msomali molitembenuzira kukhoma.

"Mukuvuliranji?"

"Jekete ili ndinakwatira nalo. Lisamve zimene nditi ndichitezi." Anavala chipewa, n'kuchikanikiza mpaka m'makutu. "Ndipo inu, tamverani. Sindikufuna dzanja, sindikufuna manja, sindikufuna 'bambo'. Musatsegule pakamwa mpaka foni iduke. Mwamva?"

"Mpaka iduke."

"Mpaka iduke!"

Zakia anadina komaliza pa laputopu, anapinda manja pachifuwa, n'kutseka pakamwa. A Kamphinda anaimba ali chiimire. Itangoyankhidwa, pa laputopu panatuluka mzere umene sunaonekepo tsiku lonse. Zakia anauona, anatukula nsidze, anayang'ana a Kamphinda, n'kukumbukira zimene anauzidwa. Anakhala phee.

A Kamphinda anatsinzina n'kukuwa ngati kondakitala wa minibasi ya ku Kawale.

"Chikhutu! Tavomera! Loweruka loyamba la Disembala! Thamangani kwa bwana wanu pompano, musasambe n'komwe m'manjamo!"

Anachotsa foni kukhutu msangamsanga, kuti chilichonse chochokera ku Durban chisawapeze, n'kuigwira pachifuwa. Anadikira, akupuma ngati akwera phiri. Anadikirabe pang'ono, kuti atsimikize.

"Yaduka, eti?"

Zakia anali duu.

"Eee, yaduka. Nthawi yake yakwana kale." Anadzigwetsa pampando, n'kuyamba kuseka, kuseka kwa munthu amene wapulumuka pa ngozi. "Ha! Zatheka! Mayi inu, ndikuuzeni zoona, mkulu ameneyu ndi wovuta. Tsiku lonse latha chifukwa cha iyeyu. Munthu ndakufunsa za kunyumba mwamwambo chabe, umangoti ali bwino, basi! Iye mpaka mwendo, mpaka adokotala! Mwendo umenewo unatupa chaka chatha, ndinamva kale kwa Bernadetta. Akuti mayiwo safuna kuyenda, amangokhala pa sofa kuonera mafilimu, mwendo ungaleke kutupa? Ndiye azinditcha ine chidakwa, iye amene pa ukwati wa mwana wake anavina mpaka nsapato inapezeka padenga!"

Zakia anatseka maso.

Pachifuwa pa a Kamphinda panamveka kutsokomola. Kutsokomola kwaulemu, kwa munthu wamkulu, kochokera kutali.

A Kamphinda anayang'ana foni. Anayang'ana Zakia. Anaikweza pang'onopang'ono mpaka kukhutu, ndipo mawu a a Chikhutu anamveka bwinobwino m'sitolo monse, oyera ngati ali pa chitini cha penti chomwecho.

"Tamva, a Kamphinda. Zonse tamva. Tchuthi ndapempha kale pamene mumaseka paja, bwana anali pafupi, wavomera. Tibwera. Za sofa ndi za nsapato tidzakambirana pa chinkhoswe pomwepo, mwini mwendo alipo." Anatsokomolanso. "Kaya inu mwaswera bwanji?"

A Kamphinda anatseka polankhulira ndi chikhatho.

"Iduleni," ananong'ona.

Zakia analoza pakamwa pake, n'kuloza foni.

"Lankhulani, ndakumasulani! Iduleni msanga!"

"Siingadukenso, bambo. Malo omaliza aja anali omwewo. Ndakonza."

"Zulani chingwe!"

"Andituma kulumikiza, osati kudula. Ngati mukufuna, ikani pansi nokha."

"Ine ndidule nkhoswe mnzanga ndi dzanja langa, atandipatsa moni?"

"Halo?" inatero foni. "A Kamphinda? Tikukumvanitu bwino kwambiri."

A Kamphinda anavula chipewa, anawerama, n'kumuyang'ana Zakia ndi maso odzaza misozi.

"Foni yanga yabwinobwino, yodziwa podulira, ndani anakutumani kuti mudzaiwononge?"